Diso Lofiira Sililowa Pageti

9 Malichi

Mayi a Kamakutu,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwana, ndi amayi ndi miyendo yawo ija? Ine kuno ndili bwino, ndikudzuka, ndikugwira ntchito.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a lole aja pamodzi ndi kachikwama. Musadabwe kuti ndabwerera ku makalata ngati munthu wakale. Pafoni sitilankhula awiri, timalankhula ndi nyumba yonse. Ndikangoti "muli bwanji" ndimamva amayi akupumira paphewa panu. Pepala lokha ndi limene lingakupezeni muli nokha.

Chithunzi ndalandira, zikomo, koma wojambulayo anakuberani. Mwana anagwedezeka, nkhope yonse ndi utsi, chimene chaoneka bwino ndi makutu basi. Makutuwo ndawazindikira, ndi akwathu, palibe mlandu. Ndinachoka muli ndi pakati, lero munthu akuyenda yekha, ndipo bambo wake amangodziwa makutu. Zimenezi zimandiwawa kuposa mmene ndimanenera pafoni. Disembala uno ndikubwera, zivute zitani, ndidzamuone ndi maso angawa.

Ndalama zili m'thumba la mkati la kajekete ka mwanako, musakachape musanatulutse. Mugule malata otsala aja asanakwerenso. Mmisiri mumuuze kuti zenera la kuchipinda likhale lalikulu, loyang'ana kumsewu, ndipo pakhomo aike masitepe atatu, kuti odutsa aziona kuti nyumbayi ili pamwamba. Alamu anu akabweranso ndi nkhani ya njinga, muwauze kuti ndamva ndipo ndikuganizira. Ndiganizira mpaka aiwale.

Munafunsa kuti ntchito yanga yeniyeni ndi yotani. Ndimayendetsa fokolifiti, kagalimoto ka mano awiri kutsogolo konyamulira katundu m'shedi. Shediyo ndi yaikulu, mashelefu mpaka kudenga, tinjira take topapatiza, ndipo anthu oyenda pansi amangotulukira paliponse ngati nkhuku. Ndiye kapitawo wathu ali ndi lamulo lake. M'mawa uliwonse amaima pageti, ife madalaivala timandanda, iye n'kumatiyang'ana m'maso mmodzimmodzi. Diso likafiira ndiye kuti wagona ku mowa kapena wasuta, bwerera. Safunsa, sanunkhiza n'komwe. Akakubweza katatu, kiyi amapatsa wina.

Ndikunena izi chifukwa sabata yatha anandibweza ine. Ineyo, amene ngakhale pa ukwati wathu ndinamwa tiyi. Diso lakumanzere linafiira, likuwawa chamkati, magetsi a m'shedi akundilasa. Ndinabwerera kuchipinda mtima ukuwira. Koma mnzanga wogona naye, amene timamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa, anandiseka n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso. Akuti madalaivala onse amagula kwa mayi wina wa kaokala kuseri kwa siteshoni, omwa ndi osamwa omwe, chifukwa fumbi nalo limafiiritsa. Ndinadontheza madzulo, ndinadonthezanso m'mawa, tsiku lachiwiri diso mbee. Kapitawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Waona, ukasiya mowa umaoneka munthu." Ndinangoti, "Inde bwana," n'kutenga kiyi wanga.

Choncho musade nkhawa, zatha. Mumupsompsone mwana pa khutu lililonse.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamakutu


21 Meyi

Mayi a Kamakutu,

Landirani moni wanga, mugawireko amayi ndi onse apakhomo. Ndamva kuti mwana anadwala chifuwa, ndikhulupirira kuti pofika kalatayi wachira. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo zenera la chipinda chathu linasweka, tatseka ndi katoni.

Mwandisangalatsa ndi nkhani yakuti akaona lole iliyonse amaloza n'kumati "ababa". Koma muzimuwongolera, anthu angayambe kunena kuti tilipo ambiri pa mwana mmodzi.

Malata mwachita bwino. Simenti musagule kwa uja wa pamphambano, matumba ake amagona pachinyezi. Kuno zinthu zakweranso, buledi, sopo, ndi malo ogona omwe. Mwini nyumba akabwera kudzatenga zake amayamba wadandaula mavuto ake, ngati kuti ife ndi amene tikumulipiritsa. Ndatumiza zocheperapo kusiyana ndi ulendo watha, mundikhululukire. Tinsapato tofiirato ndi ta mwana. Ndangoyerekeza ndi chikhatho changa, tikakula adzatipeza kutsogolo.

Mwafunsa za diso. Inu simuiwala kanthu. Likuyera bwinobwino. Kungoti ndikasiya kudontheza limabwerera, ndipo lakumanja nalo latengera mnzake, ndiye ndinagula kabotolo kangakanga, pano ndili pa kachitatu. Mayi wa kaokala akandiona amatulutsa ndisanalankhule. Pageti sanandibwezenso. Kapitawo mpaka ananditchula pamaso pa anzanga kuti, "Taonani uyu, maso ngati a mwana wakhanda." Ndinanyada ndithu, sindikubisirani.

Pali kanthu kena koseketsa. Masiku ano ndasanduka wosasamala. Dzana ndinagwetsa kapu ya Wailesi imene inali pafupi ndi chigongono changa, dzulo ndinagunda phewa pachitseko chimene ndadutsapo chaka chonse. Wailesi akuti ndi chikondi, thupi lili kuno koma mutu uli kwa inu. Magetsi a mumsewu nawo ayamba kuvala mikombero ya utawaleza, ndipo mutu umalemera chakumadzulo. Ndi kutopa, tikugwira mpaka Loweruka.

Masitepe aja mmisiri asachite ulesi n'kuika awiri. Ndinati atatu.

Ine wanu,
Bambo a Kamakutu


28 Julayi

Mayi a Kamakutu,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine m'thupi ndili bwino.

Ndachedwa kulemba, ndikudziwa, ndipo foni yanu ndinaiona ikulira kangapo. Ndinalibe pakamwa poyankhulira.

Kiyi andilanda. Ndinkatuluka m'kanjira nditanyamula katundu, ndinayang'ana monga mwa masiku onse, njira inali yoyera. Kenako ndinangomva kukuwa. Anali bambo wina wachikulire wosesa m'shedi, munthu wabwino, amene amatigawira malalanje. Anali kumanzere kwanga, pafupi moti ndikanatha kumukhudza ndi dzanja. Tayala linamuponda phazi. Ali kuchipatala, akuti adzayenda.

Mayi a Kamakutu, munthuyo anavala jekete yowala ija imene imaoneka ngakhale uli kutsidya la msewu. Ine sindinamuone. Ndalumbira pamaso pa akuluakulu, ndipo ndikulumbira kwa inu.

Kapitawo anabwera akuthamanga, anandigwira chibwano n'kundiyang'ana m'maso. Anali oyera. Anandiuziritsa kachipangizo koyezera mowa, sanapeze kanthu. Ndiye anangondikankha. Nesi wa pakampani ndi amene anaima kutsogolo kwanga, kundiuza kuti ndiyang'ane mphuno yake, n'kumagwedeza zala m'mbali. Anafunsa kuti, "Zingati?" Ndinati, "Zili kuti?" Wandilembera kalata ya kuchipatala cha maso, ndikudikira tsiku.

Sanandichotse ntchito. Andiika m'gulu la onyamula pamsana, otsitsa matumba m'malole. Malipiro ake ndi ena, ndiye mwezi uno mulandira zimene mwalandirazo. Zenera ndi masitepe ziyambe zadikira, mmisiri amalize kaye denga mvula isanakupezeni. Amayi musawauze za bambo wosesayo.

Ine mwamuna wanu


24 Ogasiti

Mayi a Kamakutu,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Kalata yanu yafika, ndipo inali yotentha moti ndinaiwerenga nditaimirira. Ndiye kuti mkazi wa Wailesi anakufikirani kale ndi nkhani ya kuchipatala, atathiramo ndi mchere womwe? Banja limenelo mawailesi ndi awiri. Musakwiye. Ndimafuna ndiyambe ndamva bwino kwa adokotala. Tsopano ndamva, khalani pansi ndikuuzeni.

Chipatala cha maso chili pamwamba pa nsanjika. Timakhala pamabenchi, ambiri ndi okalamba, aliyense ali ndi womugwira dzanja. Wa tsitsi lakuda ndinali ndekha. Anandilowetsa mutu m'chinthu chonga beseni loyera, n'kundipatsa kabatani kuti ndizidina ndikaona kanyali kakuphethira. Ndi diso lakumanja ndinadinako ndithu. Ndi lakumanzere ndinakhala, kudikira, kudikira, mpaka ndinafunsa nesi kuti, "Kodi mwayatsa?" Iye anati, "Tinayatsa kalekale, bambo."

Adokotala ndi mayi wamfupi, wosathamanga polankhula. Atandiyeza anafunsa chimene ndakhala ndikuthira m'maso, ndipo ine ndinatulutsa kabotolo monyadira. Anakatembenuza, kuwerenga, n'kufunsa kuti, "Anakulemberani ndani?"

Ndinati, "Anzanga a kuntchito."

"Kuyambira liti?"

"Malichi."

Anavula magalasi awo n'kudzipukuta kumaso. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

Akuti kufiira kuja sikunali kwa fumbi. Ndi kutupa kwa mkati mwa diso, matenda enieni ofunika chipatala. M'diso mumakhala timadzi timene timalowa ndi kutuluka, ndiye kutupako kumatseka ngalande yake. Mankhwala a m'kabotolo amaziziritsa kutupa, n'zoona, koma ukathira miyezi popanda wokuyeza, nawonso amathandizira kutseka ngalandeyo. Madzi akasowa potulukira amakankha mtsempha wa kumbuyo kwa diso, ndipo umafa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, osakupweteka kwenikweni. Dzina lake akuti gulokoma. Ndiye kunja diso lili mbee, kapitawo akuyamikira, mkati likutha. Safunsa anadya phula, mayi a Kamakutu. Ndinawauza za pageti paja, adokotala anangopukusa mutu n'kulemba.

Lakumanzere akuti latsala pang'ono kuzimiratu, asandinamize. Lakumanja likadali ndi moyo, ndipo ndi limene akulimbana nalo. Andipatsa timabotolo titatu tatsopano ndi mapiritsi amene amachititsa dzanzi m'zala ndi kuwawitsa m'kamwa. Madzi aja akapanda kutsika, andichita opaleshoni. Koma akuti ayambe aziziritsa kutupa, chifukwa diso lokwiya salicheka.

Wailesi anandiperekeza. Pobwerera m'basi sanalankhule njira yonse, koyamba chimudziwireni. Titafika anatenga kabotolo kake n'kukataya kuchimbudzi, ndipo anandiphikira tiyi. Musamunene kwa mkazi wake, iye anandipatsa chimene ankachidziwa kuti ndi chithandizo.

Amayi muwauze kuti ndi maso chabe, ndikulandira mankhwala. Za Disembala sizinasinthe. Diso limodzi limakwana kuonera mwana mmodzi.

Ine wanu,
Bambo a Kamakutu


29 Seputembala

Mayi a Kamakutu,

Moni nonse. Zilembo zikakhala zazikulu ndi zokhota musadabwe, ndikulemba ngati mwana wa sukulu. Opaleshoni inachitika, ndipo ndili moyo.

Munaopa kuti alichotsa diso n'kuliika m'mbale, monga anakuuzirani azakhali anu. Azakhali anu amadziwa zambiri zimene sizinachitikepo. Sanandigoneke n'komwe tulo. Anandibaya pafupi ndi diso kuti lichite dzanzi, n'kundifunditsa nsalu kumaso, ine ndikumva zonse, tizitsulo tikulira, adokotala akufunsa nesi za mwana wake amene akulemba mayeso. Nesi wina anandigwira dzanja, anati ndikafuna kutsokomola ndimufinye. Ndinamufinya popanda chifuwa. Ndinkachita mantha, mkazi wanga, mantha enieni.

Chimene apanga ndi kachitseko kakang'ono pamwamba pa diso, pansi pa chikope, kuti madzi azitulukira pamenepo. Sikaoneka, kabisika. Akuti vuto ndi lakuti thupi la munthu wa msinkhu wanga limafulumira kupoletsa bala, makamaka diso lozolowera kutupa, ndipo likapola kwambiri kachitsekoko kamatsekeka. Ndiye sabata iliyonse ndikumapita kuti akaone ngati kakadali kotsegula. Ndipo tamverani izi. Mankhwala amene andipatsa oletsa bala kutseka ndi abale ake a aja a mayi wa kaokala. Ndinawakana. Adokotala anaseka n'kunena kuti, "Mpeni ndi womwewo, bambo, koma pano wagwira ndine, ndipo ndikuyezani."

Malamulo ndi ambiri. Osanyamula cholemera, osawerama, osatikita, osalowa m'fumbi. Pogona ndimamata kachivindikiro ka pulasitiki. Wailesi ndi amene akundimangira zingwe za nsapato, ndipo akamamanga amati ngakhale mkazi wake iye sanamuchitirepo zotere.

Mwalemba kuti amayi akuuza anthu kuti ndikachira ndibwerera pa kagalimoto kanga. Ndinafunsa zimenezo. Ndinati, "Adokotala, m'mbalimu muyera liti?" Anakoka mpando kukhala pafupi nane. Anati, "Bambo, opaleshoni iyi sibweza chimene chapita. Ikungotchingira chimene chatsala." Ndakulemberani monga ananenera, chifukwa ndikasintha mawu ndingakunamizeni. Kiyi uja sindidzamugwiranso.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Nkhuku zija gulitsani zina, koma yaikazi yamawanga ija isiyeni. Ndiuzeni mawu atsopano amene mwana waphunzira, ndipo mulembe mokuza.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamakutu


12 Novembala

Mayi a Kamakutu,

Moni. Sindinama kuti ndili bwino.

Adokotala anandilembera kalata ya ntchito yopepuka. Ndinakapereka kwa kapitawo, anaiwerenga n'kunena kuti, "Iwe, pano chopepuka ndi cholembera changachi. Ukufuna ndikupatse?" Anati malo anga m'gulu sangadikire mpaka kalekale, anthu ali pageti akufuna. Mwini nyumba naye anali atayamba kugogoda osadandaulanso za mavuto ake. Ndinaganiza za denga lanu ndi mitambo. Ndinabwerera ku matumba nthawi isanakwane, ndikudziuza kuti ndizinyamula mosamala, ngati thumba la simenti limamva zimenezo.

Sindikudziwa ngati ndi fumbi, kapena matumbawo, kapena matendawo anangofuna kubwerera okha. Adokotala akuti mwina zonse. Diso linafiiranso, ndipo masabata awiri sindinapite kukayezetsa chifukwa malole anali ambiri. Pamene ndinapita, kachitseko kanali katatsekeka. Anayesa kukatsegula ndi singano, kanakana. Beseni lija ndinalowanso, ndipo kabatani ndinadina kochepa kuposa kale. Lakumanzere lazima, limangodziwa kuti kunja kwacha.

Tsopano akufuna kuika kapayipi kakang'ono ngati ulusi, koti thupi silingakatseke msanga. Malo apezeka pakati pa Disembala. Akatero sindingayende ulendo wautali mpaka atakhutira kuti kakhazikika, mwina Febuluwale. Ndinawauza kuti ndili ndi mwana amene sindinamuonepo, ndipo ndinalonjeza. Anati, "Mukapita osachita, madzi ali pamene alipa, mukhoza kubwerera opanda chotchingira." Ndinafunsa ngati ndikachita ndiye kuti ndidzaona ndithu. Anati, "Ndikuyembekeza choncho, koma sindingalumbire."

Ndiye mwamva. Ndikakwera basi mawa, mwana ndimuona ndithu, ndi kadiso kamene ndili nakoka, mwina kamodzi kokha. Ndikadikira mpeni, mwina ndidzamuona akukula, mwinanso sindidzamuona n'komwe. Ndaganiza mpaka mutu watentha. Ndimatulutsa chithunzi chija, utsi ndi makutu, n'kumaganiza kuti mwina ndi chokhachi chimene ndidzakhale nacho m'mutu moyo wanga wonse. Dzulo ndinalira, Wailesi ananamizira kuti akufuna kukagula machesi.

Zonse za nyumba ndakhala ndikukulamulani ine, za malata, za simenti, za nkhuku. Ichi chokha ndalephera. Ndiuzeni inu.

Mwamuna wanu


20 Febuluwale

Mayi a Kamakutu,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa amayi. Dzanja ili ndi la Wailesi, mawu ndi anga. Mukapeza pena pakumuyamikira kwambiri, dziwani kuti wawonjezera yekha. Kulemba ndikhoza, koma mzere umandithawa, ndikafika kumapeto sindipezanso poyambira.

Yankho lanu lija ndinalisunga m'thumba la shati mpaka tsiku la opaleshoni. Munati, "Mwana sathawa, chimene chikuthawa ndi diso. Khalani." Ndinakwiya nanu masiku angapo, ndikuti mayi uyu alibe chisoni. Ndikudziwa kuti polemba zimenezo simunali kuseka. Zikomo, mkazi wanga.

Kapayipi kakhazikika. Adokotala andiyeza kangapo, akuti madzi atsika ndipo kutupa kwagona. Chimene chatsala ndi chochepa, koma chilipo, ndipo pakati pake ndi poyera. Mukafuna kudziwa mmene ndikuonera, pindani pepala ngati kapayipi muyang'aniremo. Andilembera kalata yokapereka ku chipatala cha maso cha kufupi ndi kwathu, ndipo mankhwala ndizidontheza moyo wanga wonse. Ndinawatsanzika adokotala, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Kushedi ndinapita kukatenga mapepala anga. Bambo wosesa uja wabwerera, akutsimphina pang'ono, ndipo ndi iye amene anandigwira mkono kundidutsitsa pakati pa tigalimoto. Anandipatsa lalanje. Kapitawo ali pageti monga kale, madalaivala akundanda. Anandiyang'ana m'maso mwachizolowezi, diso lili psuu ndi bala la opaleshoni, kenako anatembenukira kwa madalaivala ake. Wailesi wauza aliyense nkhani yanga, kawirikawiri, monga mukumudziwira. Ena amva. Ena akuti lamulo la pageti silinasinthe ndipo ana awo amadya tsiku lililonse, ndiye mayi wa kaokala akugulitsabe.

Tsopano za kunyumba, mumve bwino. Masitepe aja, ngati mmisiri sanayambe, asiye. Ngati anaika kale, agumule, asalaze pakhale potsetsereka. Zenera lalikulu lija likhale, koma musokere katani yokhuthala, kuwala kwambiri kumandilasa. Mipando ndi ndowa muzipezere malo ake tsopano, zikakhala zakhala, osamazisuntha. Chingwe choyanikira zovala chikwere pamwamba. Alamu anu muwauze kuti njinga yanga atenge, ndamaliza kuganizira. Za ntchito tidzakambirana ndikafika, manja ndi mutu ndikadali nazo.

Ndikwera basi ya Lachisanu, ndifika Loweruka masana. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndikukudziwani. Mukandiona ndikutsika, musandithamangire. Musabwere chakumbali, sindikuonani, ndipo ndingakudutseni ngati mlendo pamaso pa anthu. Munthu akandiyandikira kwambiri ndimangoona diso limodzi ndi mphuno, kapena khutu, ndipo makutu ndawaona mokwanira.

Muime pansi pa chikwangwani cha pa siteshoni, kutsogolo kwa chitseko cha basi, patali pang'ono. Mwana mumunyamule, tsaya lake ligunde lanu, kuti nonse awiri mukwane. Mundiitane kamodzi, ine nditembenuka ndikupezani. Ndikaima osalankhula musachite mantha, ndipo amayi muwagwire asathamange. Mundisiye ndiyang'ane mpaka ndikhute. Ndikakweza dzanja, bwerani.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kamakutu